Batire la Che Hashimu

Che Hashimu anafika pa Likhubula Lachiwiri m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, atakumbatira bokosi pamiyendo ngati mwana wopita naye kusikelo. Ine ndinali pamthunzi pomwe timakhala ife onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Bokosilo ndinalizindikira ndisanazindikire munthu: lapulasitiki, lobiriwira, loko imodzi yothyoka yomangidwa ndi mphira wa chubu. Mphirawo ndinamanga ndine.

"Pulofesa, kwabwera wophunzira wako," anatero mnzanga wina, enawo n'kuseka. Amanditchula choncho chifukwa ndinasiya koleji m'chaka chachitatu n'kubwera kudzasenza zikwama za anthu.

Che Hashimu amakonza mawotchi, mawailesi ndi mafoni pa Chonde. Ndi bambo ake a Najma, mtsikana amene ndinkaphunzira naye fizikisi, amene anamwalira ndi malungo chaka chatha mu Juni, patangopita milungu itatu chitsikireni ife m'phiri ndi bokosi lomweli.

"Arsenio, mwanangu, wadzuka?"

"Ndadzuka, bambo, kaya inu."

"Ndatseka shopu masiku atatu. Aphunzitsi anu aja anati bokosi ndisunge mpaka atapezeka womaliza ntchito. Chaka chonse chadutsa, palibe wabwera. Unditengere kumene munapita. Ndinaiononga ndine ntchito ya mwana, ndiikonzenso ndine."

Mawu amenewa ndinali nditawamva kale kawiri, pamaliro ndi pa sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo kawiri konseko ndinangoweramitsa mutu. Che Hashimu ankakhulupirira kuti kabatire kamene anapatsa mwana wawo kuti aike m'bokosimo kanali kakufa, ndiye chifukwa chake ntchito ya masiku atatu inafafanizika. Kabatire kawo kanali kabwinobwino. Ndinakachotsa ndine. Palibe wina aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo m'boma lonse la Mulanje munthu yekhayo amene ndinkatha kukhala naye pansi n'kutchula dzina la Najma osachita manyazi anali iwowa.

"Phiri si la pa Chonde ili, bambo. Maondo anuwo?"

"Maondo ndi anga. Iwe nyamula bokosi."

Ndinapita kunyumba kukatenga laputopu yanga yakale ndi bulangete, ndinalembetsa ulendo kuofesi ya zankhalango, tinanyamuka.

Ntchito yake inali yotere. Kuchokera m'mlengalenga, usana ndi usiku, kumagwa tizinthu tosaoneka totchedwa mamyuoni. Timadutsa malata, timadutsa munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iye osamva kanthu. Mabuku amati ukamakwera pamalo okwera timachuluka. Mphunzitsi wathu, Dokotala Marjory, anatipatsa zipangizo n'kunena kuti, "Inu awiri kwanu kuli phiri. Musamangokhulupirira buku, kayezeni." Najma anapanga maso a bokosilo. Ine ndinapanga mbali yolandira zimene masowo aona n'kuzisunga.

"Ine ndimaona, iwe umalemba," ankatero Najma. "Ndiwe kalaliki wanga. Ndipo kalaliki asamachulutse zonena."

Malo oyamba kuyeza anali pansi pomwepo, kuseri kwa ofesi, pamwala wafulati. Ndinaika bokosi, ndinamasula mphira. Che Hashimu anavala magalasi awo, natulutsa m'thumba kamita koyezera magetsi ndi kabatire katsopano, kathyathyathya ngati batani la jekete. Anakayeza. Anakapukuta ndi nsonga ya malaya, anakayezanso. Anandipatsa mita kuti nanenso ndiyeze.

"Kali bwino, bambo."

"Kajanso ndinkati kali bwino." Anakalowetsa m'malo mwake. "Tsopano undiuze. Iye uja ndikamufunsa ankangoti, 'Baba, n'zovuta.' Zaka makumi atatu ndikutsegula mimba za mawailesi, n'zovuta kwa ine? Yamba apa. Timatabwa tiwiri takudati n'chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi pulasitiki wapadera wokulungidwa ndi tepi wakuda kuti kuwala kwa kunja kusalowe. Myuoni ikadutsa mkati, pulasitikiyo amaphethira kuwala kochepetsetsa, ndipo kadiso kamene kamamatidwa m'mbali kamasandutsa kuwalako kukhala kugunda kwa magetsi.

"Vuto n'lakuti kadisoko kamagundanso pachabe," ndinatero. "Kutentha kokha kumakagunditsa kambirimbiri pa sekondi imodzi. Limenelo timati phokoso. Ndiye timaika mulingo, dzina lake thireshodi. Kugunda kosafika pamulingo timakutaya. Mukautsitsa kwambiri, mumalemba zinyalala. Mukaukweza kwambiri, mumataya ndi zenizeni zomwe."

"Ngati kusefa ufa. Sefa wa mabowo aakulu, gaga yense walowa."

"Eya. Koma ngakhale mutasefa, phokoso lina limadumphabe mulingo. N'chifukwa chake timatabwa tili tiwiri, kena pamwamba pa kanzake. Myuoni yeniyeni imaboola tonse tiwiri nthawi imodzi. Kamodzi kakagunda kokha, sitikhulupirira. Tikagunda tonse limodzi, pamenepo makina amalamula kuti, lemba. Lamulo limenelo ndiye tiriga."

"Mboni ziwiri," anatero Che Hashimu, akumwetulira koyamba. "Monga pa nikaha. Mboni imodzi ukwati palibe."

Ndinayang'ana kumbali. Ine ndine mwana wa Akatolika ochokera ku Milanje, amene anawoloka malire nthawi ya nkhondo atasenza mphasa ndi poto. Za nikaha ndinali nditaziganizapo kwambiri kuposa mmene Che Hashimu akanayerekezera, koma Najma sindinamuuzepo ngakhale theka la liwu. Ndinkadikira timalize kaye sukulu.

Ndinayatsa makina. Kanyali kofiira kanaphethira, kanakhala, kanaphethiranso kawiri motsatizana.

"Kuphethira kulikonse ndi myuoni imodzi, timati iventi," ndinatero. "Makina amalemba mzere umodzi m'kamemore: nambala yake, nthawi imene yadutsa, ndi kukula kwa kugunda kwake atakusandutsa nambala. Pamene akulemba mzerewo samva china chilichonse. Ina ikadutsa nthawi imeneyo, yapita. M'mabuku amati nthawi yakufa, ndipo timayenera kuichotsera powerengera, apo ayi tinama."

"Nthawi yakufa."

"Najma anakana dzina limenelo. Ankati makinawo sanafe, angotanganidwa. Iye ankati nthawi yogontha. Anafika polemba choncho mu lipoti, Dokotala Marjory n'kuzunguliza ndi inki yofiira."

Che Hashimu anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ndi iyeyo. Kuyambira ali wamng'ono, dzina limene sanaligwirizane nalo ankalisintha. Mbuzi yathu ina anaitcha Hedimasitala." Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anafunikira. "Pitiriza. Fika pamene ndinalowerapo ine."

Ndinafotokoza ndi mawu ouma, ngati ndikuwerenga. Kuyambira poyatsa makina mpaka pozimitsa timati rani imodzi. Rani iliyonse imakhala ndi fayilo yake m'kamemore, ndipo pulogalamu imene ndinalemba ine inkatenga dzina la fayilo kuchokera pa kawotchi ka m'bokosimo: tsiku, ola, mphindi. Makina akazima, kawotchiko kamayendabe ndi kabatire kaja. Kabatire kakakhala kakufa, kawotchi kamaiwala zonse, ndipo pakuyatsa kulikonse kamayambira pa 1 Januwale 2000, nthawi ziro. Ife tinayeza malo asanu ndi awiri, ola limodzi pa malo alionse, ndipo poyenda tinkazimitsa kuti pawabanki, batire lalikulu loyendetsa makinawo, isathe. Mafayilo onse asanu ndi awiri anatenga dzina limodzi. Yatsopano iliyonse inkagona pamwamba pa inzake n'kuifafaniza.

"Ndasintha tsopano," ndinatero. "Rani iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ngakhale wotchi itafa. Ndinayenera kutero poyamba pomwe. Pamenepo ndiye kulakwa kwanga."

"Iyayi, mwanangu, usadzisenzetse. Wotchi ikanakhala yamoyo, pulogalamu yako ikanalakwa chiyani?"

Ndinawapatsa kachidutswa ka choonadi, iwo anandibwezera. Ndinakalandira.

Zimene zinachitika, zimene sindinawauze, n'izi. Tsiku loti mawa tikwera, bokosi linagona kwathu chifukwa ndi kufupi ndi phiri. Masana amenewo mayi anga, a Sabina, amene amadwala shuga, anayamba kuona chizungulire akuchokera kumunda. Ndinatenga kamakina kawo koyezera magazi, kosayaka. Batire latha, ndipo la mtundu umenewo sungalipeze pa Likhubula, mpaka ku Chitakale kapena ku Boma. Ndinakumbukira kuti m'bokosi la Najma muli lofanana nalo. Ndinadziuza kuti kawotchiko kamadyanso magetsi a pawabanki, zimene zili zoona makina akakhala oyaka. Za kuzimitsa poyenda sindinaziganize. Mpaka pamenepo ndikhoza kudzikhululukira. Chimene sinditha kuchikhululuka n'chakuti batire lakufa la mayi ndinaliika m'bokosimo, kuti Najma akatsegula asaone malo opanda kanthu n'kundifunsa. Ndinkaopa kamwa lake. Ndinkafuna azindiona ngati munthu wosalakwitsa.

Kuseri kwa ofesi kuja, ola litakwana ndinazimitsa, ndinalumikiza kamemore ku laputopu kuti Che Hashimu aone ndi maso awo. Fayilo inalipo, ya tsiku lolondola, mizere chikwi chimodzi ndi mazana awiri ndi kanthu. Mamyuoni makumi awiri ndi imodzi pa mphindi.

"Alhamdulillah," anatero. "Imodzi. Tiye."

Tinatenga njira ya Chapaluka, yotsata mtsinje. Ine ndinasenza bokosi pamutu ndi zikwama ziwiri, iwo ndodo yokha. Ankayenda pang'onopang'ono, kupuma pa mwala uliwonse waukulu, koma osadandaula. Ankafunsa za mwana wawo. Apa anadutsa bwanji? Anagwa? Ndinawaonetsa pamene anaterereka n'kukhala pansi m'madzi, bokosi atalikweza m'mwamba ngati mbendera, akundikalipira kuti, "Iwe kalaliki, ukuseka chiyani? Landira makinawa, ine ndiuma ndekha!" Ndinawaonetsa mtengo umene anakhala pansi pake akudya chinangwa changa chonse, chake atasunga. Che Hashimu ankagwira mtengowo ndi dzanja, kenako n'kupitiriza.

Malo achiwiri tinafikapo dzuwa lili pamutu. Ndi pathanthwe loyang'ana kumunsi, pomwe minda ya tiyi imaoneka ngati kapeti wobiriwira ndipo msewu wa ku Phalombe ngati ulusi. Ndinayala bokosi, ndinaonetsetsa kuti timatabwa tagona mowongoka, ndinayatsa. Che Hashimu anatsikira kumtsinje kukatawaza, anayala kansalu n'kuswali. Atamaliza anatulutsa fulasiki ya tiyi ndi zitumbuwa zokulunga m'pepala.

"Mayi ake a Najma apanga. Akuti umupatse mwana uja, waonda."

Ndinalandira chimodzi.

"Tsiku lija ukulikumbukira?" anafunsa.

Ndinkalikumbukira. Titatsika m'phiri tinapita molunjika ku shopu yawo pa Chonde, fumbi lili m'miyendo, kuti tikatsegule mafayilo pamalo pamene pali magetsi. Najma anaika kamemore, panatuluka fayilo imodzi yokha ya chaka cha 2000. Anaiyang'anitsitsa fayiloyo, akuluma cholembera. Sanachedwe kuzindikira, anali wanzeru kuposa ine. Anatsegula bokosi, anazula kabatire, anatenga mita ya bambo ake pa tebulo n'kuyeza. Singano sinasunthe n'komwe.

"Anati, 'Baba, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha,'" anatero Che Hashimu, akuyang'ana m'kapu. "'Chimodzi. Anthu a pamsika muziwagulitsa mabatire anu owola ndi dzuwawo, koma ine?' Pamaso pa makasitomala. Ine ndinakwiya, ndinati mwana wopanda ulemu, sukulu yakukuza mutu. Iwe unali pakhomo, unamva."

"Ndinamva."

"Sabata yonse sitinalankhulane bwino. Moni yekha. Ndinkati mtima wake ukatsika tikhala pansi. Kenako mutu, kenako kutentha thupi, kenako ku Boma. Masiku anayi aja m'chipatala sankazindikira munthu. Ndinkamunong'oneza kuti, Najma, katoni yonse ya mabatire aja ndataya m'chimbudzi. Kaya anamva."

Kanyali kankaphethira pakati pathu. Ndinazindikira kuti ndikuwerenga, monga ndinkachitira kale: khumi ndi zisanu ndi chimodzi, khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Che Hashimu anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kampango komanga mfundo. Anamasula. M'katimo munali kabatire kaja, ka mayi anga.

"Ndimayenda nako. Chimene chimandisowetsa mtendere, mwanangu, n'chakuti ndinakayeza. Ndikukumbukira bwinobwino, ndinakachotsa m'pepala lake, ndinakayeza, singano inakwera. Ndiye kaya ndi maso, kaya ndi mutu. Munthu akabweretsa wotchi masiku ano manja amanjenjemera, ndimayeza katatu, kasitomala mpaka kutopa. Mayi akenso sanena kanthu, koma ndikalakwitsa kanthu kakang'ono pakhomo amangondiyang'ana, ndimadziwa chimene akukumbukira." Anamanganso mfundo. "Tikatsika, shopu ija ndikuipereka kwa mphwanga agulitsiremo zovala. Wokonza mawotchi wosasiyanitsa batire lamoyo ndi lakufa ndi wa ntchito yanji? Ndimalize ichi chokha, ndikapume."

Ndikanatha kukhala chete kachitatu. Ndinali nditazolowera. Ndikanawaperekeza mpaka pamwamba, tikanatsika ndi mafayilo asanu ndi awiri, akanandikumbatira, ndipo Eid iliyonse ndikanakhala ndi mbale yanga pa Chonde. Ndinaika chitumbuwa pathanthwe.

"Bambo, batire limenelo si lanu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndi la mayi anga. La m'makina awo a shuga. Lanu ndinalichotsa ine, tsiku loti mawa tikwera, n'kuikamo limenelo."

Ndinafotokoza zonse, chizungulire cha mayi, kutalika kwa ku Chitakale, maganizo anga opusa a pawabanki. Ndinamva mawu anga akufuna kukhazikika pa matenda a mayi, pamene pali pofewa, ndipo ndinawakankha kuti afike pa chenichenicho: kuti ndinaikamo lakufa dala kuti ndisafunsidwe, ndi kuti pa shopu paja ndinadziwa zonse singano isanakane kusuntha.

Anatsanulira pansi tiyi wotsala m'kapu, anatseka fulasiki, anaimangitsa bwinobwino. Mphepo inkakwera kuchokera kumunsi. Patapita nthawi anafunsa, mawu ali pansi:

"Makina a mayiwo anayaka?"

"Anayaka."

"Nthawi yomweyo?"

"Nthawi yomweyo."

"Linakhala nthawi yaitali bwanji?"

Sindinamvetse msanga. "Batirelo? Mpaka Januwale. Miyezi isanu ndi iwiri, kapena itatu."

"Akuyeza tsiku lililonse?"

"Kawiri pa tsiku."

Che Hashimu anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. "Miyezi seveni. Kawiri pa tsiku." Anayang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. "Linali batire labwino."

"Linali labwino, bambo."

Anaphimba nkhope ndi manja awo omwewo, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, mwina zonse. Ndinasendera kuti ndiwagwire paphewa. Anakweza dzanja limodzi, ndinaima pomwepo.

Atachotsa manja kumaso, anali munthu wina.

"Munaima pakhomo la shopu yanga," anatero. Chiyambire kundidziwa anali asananditchulepo kuti inu. "Mwana wanga akundinyoza pamaso pa anthu, ine ndikumubwezera mawu amene sindidzathanso kuwabweza, inu munaima pamenepo ndi chikwama kumsana."

"Ndinaima."

"Milungu itatu anali moyo. Foni munali nayo."

"Ndinali nayo."

"Kuchipatala munabwera ndi malalanje. Pa sadaka munadya mpunga wanga, ine ndikulira pamaso panu kuti ndinaononga ntchito ya mwana. Munandigwira dzanja. Munati, 'Limbani mtima, bambo.'"

Ndinkafuna andimenye ndi ndodo yawo ija, zikanapepuka.

"Kuti munatenga batire, zimenezo si kanthu. Mayi ndi mayi. Mukanabwera kwa ine ndikanakupatsani khumi. Iyenso akanakutukwanani tsiku limodzi, mawa lake n'kumakusekani. Mumamudziwa."

"Ndimamudziwa."

"Ndiye munkaopa chiyani?"

"Ndinkamukonda, bambo. Sindinkafuna andione chitsiru."

Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo mokweza, ndipo anagwa pathanthwepo ngati ndowe. Che Hashimu anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye munasankha kuti chitsiru ndikhale ine. Wapita akudziwa kuti bambo ake ndi wogulitsa zowola." Anatambasula dzanja cha ku bokosi. "Zimitsani ichi. Tizipita."

"Kwatsala mphindi khumi ndi zinayi kuti ola likwane."

Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa choncho. Mwina n'chifukwa chakuti inali ntchito yokhayo imene ndinkadziwa kuigwira molondola pa nthawi imeneyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza dzanja n'kuyang'ana wotchi yawo. Tinakhala mphindi khumi ndi zinayi zimenezo, wina uku wina uko, kanyali kakuphethira. Itakwana nthawi ananena okha kuti, "Yakwana." Ndinazimitsa, ndinatsegula laputopu. Mafayilo awiri. Makumi awiri ndi zitatu pa mphindi.

Ndinamanga mphira, ndinasenza, ndinatembenukira kumunsi.

"Mukupita kuti?" anafunsa.

"Mwati tizipita."

"Kumtunda. Ntchito ndi ya mwana wanga, si yanu, ndipo njira sindiidziwa. Mundifikitsa malo onse asanu atsalawo. Tikatsika mupita nane ku Chonde, mukakhala pamkeka pamaso pa mayi ake, mukanena mawu onse amene mwanena panowa, osachotsapo ngakhale limodzi. Za kukonda zokhazo mukasiye. Zimenezo sizimuthandiza."

Anaika kampango kaja pathanthwe pafupi ndi phazi langa. "Katundu wa mayi anu uyo."

Tinakwera. Masiku awiri otsatirawo sitinalankhulane koposa zofunika: madzi, apa n'poterera, yatsani, yakwana. Kunyumba ya alendo ya pa Chambe anapempha mlonda kuti awapezere pogona m'chipinda china. Koma ndinaona kuti pa malo achitatu anatsegula bokosi okha, pa achinayi anayatsa okha, ndipo pa achisanu ndi chimodzi, waya wina wa kadiso atamasuka ndi kugwedezeka kwa ulendo, anamupeza iwo ine ndisanamupeze, n'kumumanga ndi kasikuludiraiva kawo mosanjenjemera. Pa malo okwera kwambiri tinapeza makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi pa mphindi. Mabuku sananame. Najma akanati, "Ndinakuuza," ngakhale sanandiuzepo.

Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe ndinakhala pamkeka pa Chonde. Mayi ake a Najma anamva zonse maso ali pansi, akupotokola nsonga ya mpango wawo. Nditamaliza sanandiyang'ane ine. Anayang'ana amuna awo, nthawi yaitali, kenako ananyamuka n'kukawatengera madzi osamba m'manja. Anabweretsa beseni limodzi ndi mbale imodzi. Ndinatsanzika, palibe anandiperekeza.

Mafayilo asanu ndi awiri ndinawatumiza kwa Dokotala Marjory pamodzi ndi kalata yofotokoza zimene zinachitika ulendo woyamba, dzina la Najma lili pamwamba, la Che Hashimu pansi pake. Anandiyankha kuti alandira, ndipo anafunsa ngati ndikuganiza zobwerera kusukulu. Sindinawayankhebe.

Papita miyezi inayi. Che Hashimu sanandiimbirepo, inenso sindinayese. Mwezi uliwonse ndimaperekeza mayi ku Blantyre kukaonana ndi dokotala wa shuga, ndipo minibasi imaima pa Chonde kudikira anthu. Ndimakhala kuwindo la kumanzere. Shopu ndi yotsegula, zovala mulibe, ndipo iwo amakhala ataweramira pa tebulo, galasi lili padiso, anthu awiri atatu akudikira. Kondakitala amafunsa ngati alipo wotsika. Ine ndimakhala chete, minibasi n'kunyamuka.